Mtondo wa agogo wakwera galimoto, anapiye atsika pa kabaza

Kuno ku Chiosya kwayamba kufika alendo a mtundu wina. Mavenda a soya ndi mtedza tinawazolowera kalekale, ndipo chinyengo cha masikelo awo timachidziwa. Alendo atsopanowa alibe sikelo. Amaimika kagalimoto kawo pamthunzi n'kumayenda khomo ndi khomo, maso ali kuseri kwa nyumba kumene timaunjika zinthu zotha ntchito. Akufuna mtondo wobooka, goli long'aluka, matabwa a ngolo yakale, jeke ya fodya imene inasiya kudinda mabelo zaka zapitazo. Mukawaonetsa mtondo wosemedwa chaka chino amangopukusa mutu. Iwo akufuna wakuda, wamizere, umene unadyeka ndi munsi.

Poyamba tinkayesa kuti ndi anzawo a ogula zitsulo aja amene anasesa mapulawo ndi mawilibala m'midzimu. Koma awa akuti akukapangira mipando ndi matebulo. Mtondo amaupala bwinobwino, kuupaka vanishi, kuika kakhushoni pamwamba, basi wasanduka mpando wa pa loji. Goli amalipachika kudenga n'kulendewetsapo mababu. Matabwa a ngolo amasanduka tebulo lodyerapo anthu a ku Area 10 ndi Area 43, ndipo mabowo a mabawuti sawatseka, akuti kukoma kwake n'komweko. Ngakhale lichero lothothoka m'mbali akulikhoma pakhoma m'chipinda chochezera.

Nkhani ya mtondoyi imandiseketsa. Tonse tinakula tikudziwa kuti mtondo sakhalira. Ukangoyerekeza kutsamirapo matako, agogo ankakukalipira mpaka mudzi wonse kumva, ndipo nyumba iliyonse inali ndi choopsezera chake. Kwina ankati sudzakwatira, kwina ankati udzatuluka zithupsa. Nzeru yake inali ya ukhondo, poti mopita chakudya cha anthu simokhalira. Lero bwana wa tayi akulipira ndalama kuti akhalire mtondo womwewo, khofi ali m'manja, ndipo sitinamve kuti wina wagonekedwa pa Kamuzu Central chifukwa cha zithupsa.

Sikuti ndikudana ndi kusandutsa chakale kukhala china. Amene anayamba zimenezi ndife tomwe. Khasu likatha linkakhala chopalira moto. Mphika ukasweka, phale lake linkakazinga chimanga, kenako n'kukhala momwera nkhuku. Limu ya galimoto mpaka lero ndiyo belu la pasukulu ndi kutchalitchi. Thumba la fetereza limapita kusukulu litanyamula makope. Mtondo wobooka amayi ankaugoneka pakhonde, kuikamo udzu, nkhuku n'kumaikiramo mazira. Kungoti ife tikachita zotere timachita mwamanyazi, mlendo akamabwera timazikankhira kuseri n'kumutulutsira mpando wa pulasitiki, uja umathyoka mwendo pamaliro aliwonse.

Chimene chandilembetsa lero ndi alamu anga, amuna a mlongo wanga. Nditapita kukawaona ndinapeza pansi pa mtengo wa mango pali see, pamene ngolo yawo yakhala ikuwolera chigulitsireni ng'ombe. Pakhonde napo panali see.

“Alamu, mtondo wa agogo uja uli kuti?”

“Aa, uja? Unapita ku Lilongwe, alamu. Unangosanduka nyumba ya zinkhanira.”

“Nanga ngolo?”

“Inatsagana nawo. Ndalama yake ndaitanitsira anapiye.”

“Anapiyewo ali kuti?”

Anapisa m'thumba n'kutulutsa foni. Anapiye anali mmenemo, pa WhatsApp, achikasu, onenepa, ali piringupiringu pansi pa babu. Ndalama anali atatumiza kale yonse kwa munthu amene sanamuonepo nkhope, amene dzina lake la pa Facebook linali losiyana ndi limene linatuluka pa uthenga wotumizira ndalama. Za mkamwini kugulitsa mtondo wa eni mbumba osafunsa, imeneyo tikakamba pabwalo lina.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Mwambi umenewu ndimaukonda, ndipo anthu a ku Mchinji, amene takulira m'zigafa, sitifunika wotimasulira. Alamu anga anatenga fodya amene anali kale pamphuno n'kusinthanitsa ndi amene sanafike n'komwe pachala.

Mukuganiza kuti a kagalimotowa akuwotcheranji mafuta kuchoka ku Lilongwe mpaka kuno? Akudziwa mitengo. Ngolo ndi majeke a makolo athu ankapangira matabwa a mlombwa, mbawa ndi muwanga, mitengo yolimba imene chiswe chimailemekeza. Pitani lero mukafunefune thabwa lalikulu la mlombwa wokhwima m'dera lino. Mitengo inapita ndi zigafa, njerwa ndi makala, ndipo yotsala m'nkhalango ya Mchinji ndi yotetezedwa. Akalipentala a ku Mchesi akuvutikira paini ndi bulugamu wosauma. Choncho thabwa la ngolo lomwe lauma zaka makumi atatu ndi chuma, ndipo wogula amadziwa zimenezi pamene akukuuzani kuti “tingokuthandizani kuchotsa zinyalalazi, bambo.” Ndalama imene alamu anga analandira pa ngolo ndi mtondo sinakwane ngakhale thumba limodzi la fetereza. Tebulo lake likatha, mtengo wake mukaumva mudzagwira pakamwa.

Nanga akalipentala athu ali kuti? Pa Chiosya, pa Kamwendo ndi ku boma kuli anyamata aluso ndithu, ena anachita kuphunzira ku sukulu za ntchito zamanja. Onse akupanga sofa yofanana, ya nsalu yamaluwa ndi siponji yophwa mwezi umodzi. Palibe amene waganiza zoyenda m'midzi kugula matabwa akalewa n'kupangira pompano tebulo loti wa ku Lilongweyo adzachite kulipempha. Timadikira kuti wa m'tauni adzatiuze kuti chinthu chathu n'chabwino, ndipo akatiuza amakhala atachikweza kale m'galimoto.

Tibwerere kwa anapiye. Mwina mukuyembekezera kuti ndinene kuti sanabwere, poti nkhani zotere sizisowa. Manambala a foni tinalembetsa tonse mu 2018, komabe akamberembere sanathe. Amatenga chithunzi cha anapiye a eni ake, kulemba mtengo wotsika, kulandira ndalama, kenako foni thii. Koma a alamu anga anafika, ndipo kufika kwake n'kumene kunandipweteka mtima.

Mwanapiye amatuluka m'dzira patatha masiku 21, ndipo amatuluka ndi kamba wake m'mimba, chotsalira cha chikasu cha dzira, chimene chimamusunga maola pafupifupi 72 osadya, osamwa. N'chifukwa chake n'zotheka kumuika m'katoni n'kumutumiza kutali. Koma maola amenewa amayamba kuwerengedwa pamene waswa, osati pamene katoni yakwera minibasi. Katoni ya alamu inagona mudepoti, inayenda pansi pa mpando pakati pa matumba, inatsika pa Kamwendo dzuwa lili paliwombo, n'kumalizira ulendo pa kabaza wa njinga yamoto. Potsegula, ena anali atauma kale pakona, ena akungoyasamula kukamwa. Ataimbira wogulitsa, yankho linali lakuti “ife tinatumiza amoyo.” Mungakamusumire kuti munthu amene adiresi yake ndi nambala ya foni?

Otsalawo anafunika malo ofunda. Sabata yoyamba mwanapiye amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, usana ndi usiku, pamalo opanda mphepo, pansi pali utuchi kapena makoko a mtedza. Safunika chipangizo choyezera, amanena yekha: akazizidwa amaunjikana mpaka kupsinjana, akatenthedwa amabalalika n'kumapuma wefuwefu. Tsono taganizani, kodi pakhomo la mlimi pali chinthu choyenera ntchito imeneyi kuposa bokosi la ngolo yakale? Lili ndi makoma anayi, ndi lokwera moti khoswe ndi galu safikamo msanga, mungoikamo mphika wa makala pakati n'kuphimba ndi masaka. Bokosi limenelo linali litapita kukasanduka tebulo. Anapiye anagona pabalaza, ataikidwa pakati pa mipando, mlongo wanga akudzuka kawiri katatu usiku kukoleza mbaula.

Za chakudya alamu anali asanawerengere. Nkhuku ya nyama imodzi imadya makilogalamu 3 ndi theka kapena 4 kuti ifike pogulitsa pa masabata 6. Katoni ya anapiye 100 ndiye kuti matumba 7 kapena 8 a makilogalamu 50, ndipo chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense woweta akudziwa mmene thumba likulumira. Chowawa n'chakuti m'thumbamo muli soya ndi chimanga chathu chomwechi, chimene tinagulitsa kwa mavenda motchipa mwezi wa April, chabwerera chitavala chizindikiro cha kampani. Alamu anayesa kusakaniza ndi madeya, monga timachitira tonse ndalama ikathawa.

Masabata 6 atakwana, nkhuku zimene zinayenera kukhala zolemera m'manja zinali zowonda, miyendo njoo, zikuthamanga bwalo lonse. Miyezi ingapo itadutsa, zinayamba kulira m'bandakucha, imodzi imodzi, mpaka khola lonse. Anali atambala okhaokha. Malo oswetsera nkhuku za mazira amasankha anapiye aakazi, aamuna n'kuwagulitsa pa mtengo wotaya chifukwa sakula msanga. Munthu wochenjera amagula amenewa n'kuwajambula bwino. Pa chithunzi mwanapiye aliyense ndi wachikasu, ndipo ngakhale mutamugwira m'manja tsiku loyamba, si aliyense angasiyanitse. Panopa mudzi wonse sukufunikanso wotchi.

Foni payokha ilibe mlandu. Makampani odziwika ngati Central Poultry ndi Charles Stewart amagulitsa anapiye, ndipo kuitanitsa pa foni kwa wogulitsa amene ali ndi sitolo yoti mungalowemo n'kupulumutsa ndalama ya ulendo. Mumalembetsa, amakuuzani tsiku, mumakatenga nokha m'mamawa, kutsegula katoni pomwepo, kuwerenga, kufunsa mtundu wake ndi katemera amene alandira, kutenga lisiti. Vuto ndi lathu lokonda “zotchipa za kwa munthu wina wake.” Ena amachita kukometsa malonda ponena kuti anapiyewo ndi a ku Zambia, poti Chipata ndi pafupi ndipo chilichonse chodutsa pa Mwami timachiyesa chapamwamba. Ziweto zamoyo sizilowa m'dziko popanda chilolezo cha a zaumoyo wa ziweto, ndipo zodzera njira zachidule zimabwera ndi matenda amene sasankha khola.

Apa ndiye pamene ndimakumbukira mikolongwe. Nkhuku yakuda ija, Black Australorp, boma linayamba kuifalitsa m'midzi m'zaka za m'ma 1950, ndipo inatenga dzina la malo amene inkaswetsedwa, ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu. Kenako kunabwera malo ena oswetsera, Bwemba ku Lilongwe ndi Choma ku Mzuzu. Amene anakonza ndondomeko imeneyo ankaudziwa mudzi. Sankapatsa mlimi mwanapiye wa tsiku limodzi. Ankamulera kaye masabata 6, kumupatsa katemera, n'kumubweretsa atamera nthenga, woti akhoza kudzitolera chiswe kuseri kwa nkhokwe. Mlimi ankalembetsa kwa mlangizi amene ankamudziwa nkhope ndi nyumba yomwe. Tambala wa mikolongwe akakwera nkhuku zachikuda, ana ake ankakula bwino komanso kupirira. Lero tikuyesa kuchita patokha, pabalaza, ntchito yovutitsitsa ija imene kale inkachitidwa ndi akatswiri, ndipo mlangizi wathu wasanduka gulu la pa WhatsApp mmene aliyense ndi dokotala. Wina akuti thirani tsabola m'madzi, wina akuti phulusa, wina akuti makapisozi a anthu.

Ndipo nkhuku yachikuda tikuinyozeranji? Imaikira yokha, imafungatira yokha, imafunditsa ana ake popanda makala, imamenyana ndi mphamba, ndipo pamsika mtengo wake umaposa wa nkhuku yoyera. M'tauni momwemo, pa tebulo la matabwa a ngolo lija, mlendo wolemekezeka amamuphera ya lokolo. Mdani wamkulu wa nkhuku yachikuda ndi chitopa basi, chimene chimasesa makola nyengo yotentha, kuyambira August mpaka November. Katemera wake wa I-2 amapangidwa ku Lilongwe, ndi dontho limodzi m'diso pa miyezi inayi iliyonse, ndipo mtengo wa dontholo sungagule ngakhale dzira. Ndalama imene alamu anga anataya pa katoni ija ikanatemera nkhuku za mudzi wonse kangapo.

Kotero inu a ku ofesi ya zaulimi pa Chiosya, ndi inu mafumu, tilengezereni tsiku la katemera chitopa chisanalowe. Lengezani kutchalitchi, kumzikiti, pamaliro ndi pamsika, ndipo ngati n'kotheka muliponyenso pa WhatsApp pomwepo, poti alamu anga ndi anzawo kumeneko ndiye sakuchokako.