Matimati a ku Chongwe safuna app yolema

Mlimi wa matimati ku Chongwe alibe kasitoma mmodzi wokhazikika. Lero agulitsa kwa agent wa pa Soweto Market, mawa kwa amai a kantemba ku Chelstone, mkuja ku lodge ya m'mbali mwa Great East Road. Mtengo wa bokosi ungagwe galimoto isanafike mu Lusaka. Comwe cimamupulumutsa ni gulu la WhatsApp lofunsira mitengo, na Airtel Money kapena MTN MoMo, kuti ndalama ilowe katundu asanakwezedwe.

Inu anyamata na atsikana opanga ma app, yambirani pamenepa. Pangani zinthu zogwira pa kafoni ka mabatani kudzera pa USSD, zosadya bundle. Malaiti akapita, kafoni kameneka kamakhalabe na moto masiku angapo, ndipo mlimi angapeze wogula wina matimati asanaole.