Ola Limene Wapanjinga Amalandidwa ku Mangalande

Ife amene tinakulira kumudzi, kumene tambala ndi dzuwa ndiwo amalamula nthawi yodzuka ndi yoweruka, ndipo chisisira chimagwa chakuma 6 koloko mosiyana pang'ono chabe pakati pa Juni ndi Januwale, tinayesa nthabwala titamva koyamba kuti kuno ku Mangalande anthu amabweza wotchi m'mbuyo ndi ola lathunthu Lamulungu lomaliza la Okutobala, nkuikankhiranso kutsogolo Lamulungu lomaliza la Malichi. Kale, kuti chithunzithunzi chibwerere m'mbuyo pa makwerero a Ahazi, panafunika mneneri Yesaya ndi dzanja la Wamphamvuyonse. Lero ntchitoyo ikuchitidwa ndi lamulo la boma, ndipo foni imadzisinthira yokha mwini wake ali m'tulo. Koma dzuwa silimvera Nyumba ya Malamulo, ndipo woyamba kuzindikira zimenezi ndi munthu wopalasa njinga.

Chaka changa choyamba mu mzinda wa Leicester ndinaweruka Lachisanu nthawi ya 5:30 madzulo, ndinapalasa mpaka kunyumba kukuonekabe bwino, pakuti dzuwa linali kulowa chakuma 5:45. Lolemba lake, pa ola lomwelo ndi pa msewu womwewo, ndinatuluka panja nkupeza usiku, mvula yowaza ikugwa, masamba onyowa atamatirira m'mbali mwa msewu momwe matayala athu amadutsa, ine ndilibe nyali ngakhale imodzi, nditavala jekete lakuda ngati wopita kumaliro. Pamphambano ina galimoto inatulukira kumanzere nkuima chala chimodzi kuchokera pa bondo langa, ndipo mayi amene ankayendetsayo, atatsitsa galasi, anangoti sanandione. Sanganame mayiyo. Maso ake, monganso anga, anali adakali m'sabata yatha.

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa. Mdima wa m'nyengo yozizira palibe amene angauletse, ndipo ukamabwera mwa chilengedwe, kudya mphindi ziwiri lero ndi ziwiri mawa, munthu amauzolowera monga amazolowera ukalamba. Koma ukagwa ola lonse tsiku limodzi, pa nthawi imene misewu yadzaza ndi anthu otopa amene mtima uli kale kunyumba, amene amalipira ndi iye amene alibe chitsulo chomutchinga. Lamulo la kuno limafuna nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo kuyambira pamene dzuwa lalowa kufikira litatuluka, pamodzi ndi zonyezimira kumbuyo ndi pa mapedulo, ndipo n'loyenera. Ine ndinalakwa posalitsata. Komabe boma limene limauza wapanjinga kuti aziwala ndi lomwelonso limamuzimira dzuwa.

Mwini nzeru yosintha wotchiyi kuno anali William Willett, womanga nyumba, amene, poyenda pa kavalo m'mamawa kufupi ndi Petts Wood, anamva chisoni kuona makatani a anthu ali chitsekere dzuwa litakwera, ndipo m'chaka cha 1907 analemba kabuku kodandaula za kuwala kotayika. Anamwalira mu 1915 asanaone chipatso chake, pakuti Germany ndiyo inayamba mu Epulo 1916 pofuna kusunga malasha a nkhondo, Britain nkutsatira mu Meyi chaka chomwecho. Sindimuda bamboyo: madzulo aatali a m'chilimwe, pamene munthu ukhoza kupalasa m'mbali mwa ngalande mpaka 9 koloko osayatsa nyali, ndi mphatso yochokera kwa iye. Chimene ndikukana n'chakuti mphatsoyo azitilanda pa nthawi imene tikuifunitsitsa.

Ndipo si kuti njira ina sinayesedwepo. Kuyambira Okutobala 1968 kufikira Okutobala 1971, dziko lino linasiya wotchi pa nthawi ya chilimwe chaka chonse, ndipo ofufuza atawerengera anapeza kuti, ngakhale ovulala pamsewu m'mawa anachuluka, ovulala madzulo anachepa koposa, kotero kuti pophatikiza zonse miyoyo inapulumuka. Chifukwa chake si chobisika: m'mawa munthu amalunjika kumene akupita mutu uli wopepuka, pamene madzulo ana amazengereza m'njira, akulu amapatukira kusitolo, ndipo woyendetsa galimoto amakhala atatheratu mphamvu. Ngakhale zinali choncho, aphungu anavota mu Disembala 1970 kuti kuyesako kuthe, makamaka chifukwa cha madandaulo a ku Scotland, kumene kumpoto dzuwa linkatuluka chakuma 10 koloko, alimi ndi ana a sukulu nkumayamba tsiku mumdima.

Madandaulo amenewo sindiwapeputsa, pakuti walira mvula walira matope. Ndikudziwanso abale athu ambiri amene amasamalira okalamba, oyamba ntchito 7 koloko m'mawa, amene kubweza wotchi kumawapatsa kambandakucha koti aonere njira. Koma kuwala kumeneko n'kwa ngongole, kwa masabata owerengeka okha, popeza pofika pakati pa Disembala dzuwa la ku Leicester limatuluka 8 koloko itadutsa nkulowa 4 koloko isanakwane, ndipo abale athu aja amapita mumdima nkubweranso mumdima. Ambiri amene ndimawadziwa amakoloweka njinga mu Novembala nkuyamba kulipira basi, osati chifukwa cha kuzizira kokha, koma chifukwa cha mantha a Lolemba lija.

Bungwe loona za kupewa ngozi la RoSPA lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti madzulo azikhala owala. Phungu Rebecca Harris anabweretsa bilu yofuna kuti nkhaniyi iunikidwenso, koma inafera m'Nyumba ya Malamulo mu Januwale 2012 nthawi yokambirana itatha. Ndipo aphungu a ku Ulaya, amene mu 2019 anavomereza kuti kusinthasintha wotchi kulekeke, chigamulo chawo chinakhala m'kabati. Choncho Loweruka lomaliza lisanafike Lamulungu lija ndimatchaja nyali zanga ziwiri, ndimatulutsa jekete lachikasu, ndipo ndimauza amayi ku Dedza kuti kuyambira mawa tidzasiyana maola awiri osati limodzi, iwo nkundifunsa, monga amafunsira chaka chilichonse, kuti kodi ola linalo Angereziwo amakalisunga kuti.