Mfuti yopepuka kwambili imavulaza nyama

Ife a ku Chilenje amene timatenga laisensi ya DNPW n'kupita kukasaka ku Rufunsa kapena ku Luano, tikakumana nkhani imakhala ya kulemela kwa mfuti. M'pomveka. Mu Okutobala, dzuwa la m'cigwa likafika paliwombo, mfuti ya makilo 4 imakhala ngati thumba la simenti paphewa.

Koma anzathu ena anyanya. Akufuna yopepuka ngati ndodo, kuiwala kuti mfuti ikapepuka imakankha phewa mwamphamvu. Munthu akayamba kuopa kukankhako amatsinzina poombela, cipolopolo n'kulowa m'mimba mwa mphalapala m'malo mwa pamtima. Nyamayo imathawa, imakafela kutali m'thengo n'kudyedwa ndi afisi. Mlenje amabwelela cimanjamanja, ndalama za laisensi ndi za mafuta zitapita.

Ife tikuti sankhani ya bolt action, yolemela pafupifupi makilo 3 ndi theka. Fumbi siliivuta kwenikweni, ndipo mumaiyeletsa nokha ndi kansalu ndi mafuta pang'ono. Ma Brno akale aja, amene acinyamata amawaseka, akali kugwila nchito. Pa mbawala, njili ndi mphalapala, .308 kapena .30-06 ikwana, ndipo zipolopolo zake sizivuta kupeza ngati za mfuti zacilendo. Njati ndi nkhani ina: pamenepo nyamulani .375 H&H, ilemele bwanji.

Ndalama zikatsala, gulani lamba wotambalala wa paphewa ndi zipolopolo zoyeselela. Mapepala a mfuti akhale m'thumba la shati, cifukwa pa Great East Road apolisi adzawafunsa.