Silverest isiyire malo mphika wa nsima mipanda isanathe kumangidwa

Anthu amene anakhalitsa mu Lusaka akayamba kukamba za malo odyera akale, nkhani yake imatha mofanana. Wina amatchula pamene panali kanyumba ka mayi wodziwa kutendera chibwabwa, wina amakumbukira pamene ankaotcha michopo madzulo, kenako onse amagwirizana kuti ana a masiku ano anatengeka ndi nkhuku yokazinga ndi tchipisi. Kudandaulako n'komveka, koma chala chikuloza polakwika. Malo odyera a anthu wamba satha chifukwa chakuti anthu aleka kukonda nsima. Amatha chifukwa eni ake amaphikira pamalo a ena, opanda pepala lililonse lowateteza, ndipo tsiku limene malowo akwera mtengo ndi lomwelo limene mphika umaphulidwa komaliza. Vutoli ndi la malo, ndipo kumene tingalione bwino lero ndi ku Silverest, m'boma la Chongwe, kumene tauni ikumera ife tikuona. Zimene zinachitika kale mkati mwa Lusaka zikhoza kupewedwa kumeneko ngati khonsolo ndi omanga nyumba atachitapo kanthu nthawi ikadalipo.

Tiyeni titsate msewu wa Great East kuchokera m'tauni. Shoprite inalowa mu Zambia mu 1995, boma la Frederick Chiluba likugulitsa masitolo amene kale anali a boma. Manda Hill inatsegulidwa mu 1999, Arcades mu 2003, kenako East Park inamangidwa pamalo a University of Zambia, ndipo Waterfalls inadzaima chakufupi ndi mphambano yopita ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Msika wamakono uliwonse unkabwera ndi maina ake a zakudya, monga Hungry Lion, KFC ndi Debonairs, ndipo uliwonse unkakankhira mzinda chakum'mawa. Kalembera wa 2010 anapeza anthu pafupifupi 1.7 miliyoni m'boma la Lusaka. Wa 2022 anapeza 2.2 miliyoni, pamene boma la Chongwe linali litapitirira anthu 300,000. Silverest ili pakamwa penipeni pa kusefukira kumeneku. Dera limene linali la mafamu tsopano lili ndi nyumba za Silverest Gardens, sukulu ya University of Lusaka, nyumba zogonamo ophunzira, ndi mapuloti osawerengeka amene akuzunguliridwa ndi mipanda ya mabuloko.

Funso limene amapulani safunsa ndi lakuti, kodi anthu amene akumanga zonsezi amadya kuti? Aliyense wodutsa pamalo omanga nthawi ya nkhomaliro amaliona yankho. Pansi pa malata anayi kapena lona, mayi wayala mapoto pamzere: nyemba, kapenta wothira tomato, kalembula, delele, vimbombo, ndipo tsiku labwino nkhuku ya kumudzi. Mwana wake kapena wantchito wake amazungulira ndi jagi ndi beseni kusambitsa anthu m'manja. Wodya safuna pepala la mitengo. Amavundukula poto ndi maso n'kuloza. Mmisiri amene sanalandire amanena kuti, "Amayi, lembani, ndidzakuonani Lachisanu," ndipo dzina lake limalowa m'kabuku kakuda ndi utsi. Mayiyo amadziwa amene sadya nkhumba, amene amafuna mitanda itatu, ndi amene mkazi wake wadwala. Palibe kampani yogulitsa zakudya imene ingapatse wonyamula simenti chakudya pangongole. Mapoto amenewa ndiwo amagwira mimba za omanga, alonda, oyendetsa mabasi ndi ophunzira amene ndalama ya makolo yawathera pakati pa mwezi.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mayi ameneyu amafika woyamba n'kuchokanso woyamba. Amabwera pamene dera likadali fumbi ndi milu ya mchenga, pamene wamalonda wamkulu sangayerekeze kuikapo ndalama zake. Nyumba zikatha, mwini puloti amafuna malo ake, msewu umakuzidwa, kapena anthu olowa m'nyumba zatsopano amadandaula za utsi. Kumsika wamakono sangalowe, pakuti lendi yake ndi chikole cholipiriratu zimaposa phindu limene iye amapeza pa mbale za nsima. Amene amati anthu anangosintha zokonda apite ku Matebeto ku Thornpark masana a tsiku la ntchito. Adzapeza magalimoto a anthu a m'maofesi atathinana, eni ake atapinda manja a malaya, akudya nsima ndi nsomba yootcha, impwa ndi chikanda. Anthu omwewo akanatha kukagula pitsa ku Manda Hill. Kumene ophika nsima apeza malo okhazikika, odya amawatsatira okha ndi ndalama zawo. Chimene chimasowa si njala ya chakudya chathu ayi, koma pokhala pa ochiphika.

Ena adzati malonda ndi mpikisano, wolephera agwe, ndipo makampani akuluakulu amalemba ntchito achinyamata ndi kukhoma misonkho. Zoona, ndipo palibe chifukwa chowathamangitsira. Wophunzira amene akufuna shawama usiku ali ndi ufulu wake. Koma mpikisano umakhala wachilungamo pamene onse aloledwa kulowa m'bwalo. Pulani ya dera ikapatula malo a sitolo zikuluzikulu, malo omwetsera mafuta ndi matchalitchi, koma osasiya ngakhale kachigawo ka ophika, ndiye kuti wopambana wasankhidwa kale ndi cholembera cha wojambula mapu, osati ndi odya. Tiyang'anenso kumene ndalama imapita. Malo odyera a maina amagula nkhuku, mbatatesi ndi mafuta mochuluka kwa ogulitsa akuluakulu ochepa. Mayi wa mapoto amagula repu ndi tomato kwa alimi a madimba a ku Chongwe ndi Palabana, nkhuku kwa woweta wa pakhomo, nsomba zouma zochokera ku Luangwa Bridge, ndi nsinjiro kwa mnzake wa pamsika. Kwacha imodzi yolowa m'thumba lake imayenda m'manja ambiri isanatuluke m'bomalo. Akapatsidwa malo odziwika, iyenso amalipira msonkho wa pamsika, umene khonsolo imautaya pamene iye akuphikira mobisala.

Mfundo yolemera kwambiri yotsutsa ndi ya kolera, ndipo siyenera kupeputsidwa. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unachititsa boma kutumiza asilikali kukachotsa ogulitsa m'misewu ya Lusaka. Wa 2023 mpaka 2024 unali woopsa koposa: anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anamwalira, bwalo la masewero la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Munthu amene anaika m'bale wake m'manda nthawi imeneyo sangamvere nthano zokoma za chakudya cha m'mbali mwa msewu. Komabe kolera imayenda ndi madzi oipa ndi kusowa kwa zimbudzi, ndipo inazika mizu m'makomboni ngati Kanyama kumene zitsime zosazama zimayandikana ndi zimbudzi zokumba. Mu Januwale 2018 ngakhale malo ena odyera a maina otchuka anatsekedwa kwa kanthawi atayezedwa. Kuthamangitsa wophika sikumupatsa mpopi. Kumangomusunthira kuseri kwa mpanda, kumene woyendera zaumoyo safikako. Ku Silverest, kumene nyumba zambiri zimadalira mijigo ndi maenje a zonyansa a pakhomo, nzeru ndi kusonkhanitsa ophika pamalo amodzi okhala ndi madzi oyezedwa, zimbudzi ndi ngalande. Lamulo la Food Safety Act la 2019 lingagwire ntchito pa munthu amene ali ndi malo odziwika, osati pa amene amathawa akaona galimoto ya khonsolo.

Njira imeneyi inayesedwa kale kwina. Ku Singapore, ogulitsa zakudya m'misewu ankaonedwa ngati gwero la uve ndi matenda. M'malo mongowathamangitsa, boma linawalembetsa, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1970 linawamangira malo okhala ndi madzi, magetsi ndi matebulo, pa lendi imene akanakwanitsa, pafupi ndi nyumba zatsopano za anthu. Mu 2020 bungwe la UNESCO linaika chikhalidwe cha malo odyerawo pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Wina anganene kuti Chongwe si Singapore ndipo ndalama zake kulibe. Koma chimene chikufunika pano si nyumba yagalasi. Ndi simenti pansi, denga, mjigo ndi thanki, zimbudzi, ndi pangano lolembedwa la zaka zingapo. Thumba la chitukuko la CDF linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022, ndipo lakhala likukwerabe. Chovuta chenicheni si ndalama zomangira koma malo omangapo. Mfumu yaikulu ya Asoli, Nkomeshya Mukamambo II, yakhala ikudandaula poyera kwa zaka zambiri za kagawidwe kosalongosoka ka malo m'dera lake. Puloti ikagulitsidwa ndi kuzunguliridwa mpanda, kuiwombola kumadula kuposa kuisunga pachiyambi. M'mera mpoyamba.

Palinso amene adzati zonsezi ndi kulirira kale chabe, ndipo kale silinali lokoma monga timalikometsera. Apa ndikugwirizana nawo kotheratu. Zaka za m'ma 1980 zinali za mizere yodikirira ufa, mafuta ophikira ndi sopo, ndipo kukwera kwa mtengo wa ufa kunabutsa zipolowe ku Copperbelt mu Disembala 1986 ndi mu Lusaka mu Juni 1990. Tinyumba tambiri todyeramo timene anthu amatikumbukira mwachikondi tinali ta utsi, topanda posambira m'manja pabwino, ndipo amayi ophikamo ankapsa ndi moto tsiku lonse popanda chosunga cha ukalamba. Makala amene mapoto amadya akumaliza mitengo ya ku Chongwe ndi Rufunsa, ndipo chilala cha 2024, chimene chinazimitsa magetsi kwa maola ochuluka patsiku, chinawonjezera vutolo. Zimenezi si zoyenera kusungidwa. Choyenera kusungidwa ndi luso la kutendera ndi kufutsa, chakudya chimene wolandira malipiro ochepa angachikwanitse, ndi tebulo limene mphunzitsi wa pa yunivesite amakhala moyandikana ndi mlonda wa pageti. Ndipo wophika amene akudziwa kuti sadzachotsedwa mawa ndi amene angalimbe mtima kugula chitofu cha gasi, furiji ndi sinki. Wosadziwa za mawa amakhalabe pa mbaula, chifukwa mbaula imanyamulika pothawa.

Choncho pempho langa likupita kwa khonsolo ya Chongwe, imene lamulo la Urban and Regional Planning Act la 2015 linaipatsa udindo wokonza mapulani a madera ake. Povomereza kugawidwa kwa famu kukhala mapuloti, kapena kumangidwa kwa msika wamakono m'mbali mwa Great East, iike lamulo lakuti pakhale gawo la ophika zakudya zathu, lokhala ndi madzi ndi zimbudzi, pa lendi yolingana ndi mtengo wa mbale ya nsima. Oyamba kupatsidwa malo akhale amene akuphika kale m'deralo, olembedwa maina poyera, kuti matebulo asagwere m'manja mwa makada a zipani monga zinkachitikira m'misika ya Lusaka. Masukulu a ukachenjede ndi eni nyumba zogonamo ophunzira nawonso ali ndi mbali yawo, popeza ana amene amawasunga ndiwo odya ambiri. Ophikawo adzisonkhanitse m'gulu, chifukwa khonsolo imamva msanga mawu a anthu makumi asanu kuposa a mayi mmodzi. Anthu okhala ku Silverest afunse khansala wawo pamsonkhano wotsatira kuti pa mapu a dera lawo, malo a ophika nsima ali pati. Ngati palibe, auze khonsolo iwalembepo chaka chino, mapuloti otsala asanagulitsidwe.