Za Khonsolo ya Preston, ndi Iwo Amene Atiuza Kuti Tidikire Mlendo

Kwa mamembala onse, akuru ndi ang'ono.

Abale, pa misonkhano yathu mau amodzi akhala akumveka kawiri kawiri, ndiwo akuti mzinda wosauka ulibe cocita cina koma kusesa pabwalo ndi kudikira munthu wacuma wocokera kutali, amene tsiku lina adzafika ndi ndarama zace, namanga fakitale kapena masitolo, nalemba ana athu nchito. Onena mau awa si anthu opusa ai. Ena a iwo anaphunzira kutiposa ife, ndipo ena anakhalapo pa mipando ya khonsolo. Koma ife a komiti tiwakana mau amenewa, ndipo tifuna kuti msonkhano wonse uwakane, pakuti ciphunzitso cotere cimanga manja a khonsolo kumbuyo, ndipo ulesi wace ciupatsa dzina lokoma lakuti kuleza mtima. Umboni wathu tiutenga ku mzinda wa Preston, m'cigawo ca Lancashire ku England, mzinda wa anthu oposa 140,000 pa mtsinje wa Ribble, umene unayesa njira zonse ziwiri, ya kudikira ndi ya kudzigwirira.

Mzinda umenewu suli wacilendo kwenikweni kwa ife, ngakhale ambiri sitinaupondeko. Unakula ndi thonje. Richard Arkwright, uja anachuka ndi makina opota ulusi oyendetsedwa ndi madzi, anabadwira komweko m'caka ca 1732, ndipo John Horrocks anamangako fakitale yace yoyamba m'caka ca 1791. Pamene eni mafakitale a ku Lancashire anaopa kuti thonje la ku America lidzawacepera, anakhazika bungwe la British Cotton Growing Association ku Manchester m'caka ca 1902, ndipo bungwe limeneli linagula thonje la makolo athu a ku cigwa ca Shire. Cotero thukuta la ku Nsanje ndi ku Chikwawa linalowa m'makina a cigawo cimeneco. Koma cuma ca nsaru cinawathawa iwonso. Maiko ena anaphunzira kuomba nsaru za mtengo wocepa, mafakitale anatsekedwa imodzi imodzi, ndipo m'caka ca 1980 fakitale yaikuru ya Courtaulds ku Red Scar inatseka zitseko zace, anthu oposa 2,000 nakhala pansi opanda nchito.

Tsono akuru a mzinda anacita cimene anzathu aja atilangiza ife: anadikira mlendo. Kwa zaka zoposa khumi anaika mtima wao wonse pa nchito imodzi, dzina lace Tithebarn, yomanga masitolo akuru pakati pa mzinda ndi mapaundi 700 miliyoni a makampani akunja. Anabvomera kuti depoti yao ya mabasi, yomangidwa m'caka ca 1969, igwetsedwe kuti mlendoyo apeze malo. Anakangana ndi makhonsolo anzao a Blackburn ndi Blackpool, amene anaopa kuti masitolo atsopanowo adzawalanda ogula, ndipo mlandu unafika mpaka ku bwalo la milandu. M'caka ca 2008 mabanki a dziko lapansi anagwedezeka. M'caka ca 2009 kampani ya Grosvenor inacokamo. Ndipo mu November 2011 sitolo ya John Lewis, imene inali mzati wa nyumba yonseyo, inanena kuti siidzabweranso, nchito yonse niigwa isanayambe kumangidwa. Akale anati mlendo ndi mame. Sitiwatsutsa makampani aja ai, pakuti wamalonda atsata phindu monga mbuzi itsata msipu. Amene tiwafunsa ndiwo akuru amene anamangirira njala ya mzinda wonse pa lonjezo la munthu wosakhala m'mzindamo. Ndipo monga ngati izi sizinakwane, kuyambira caka ca 2010 Boma la ku London linayamba kudula ndarama zimene linali kupatsa makhonsolo.

Apa ndipo pali mtima wa nkhani, ndipo tipempha kuti abale awerenge mosafulumira. Khansala wina, Matthew Brown, amene pambuyo pace anakhala mtsogoleri wa khonsolo m'caka ca 2018, pamodzi ndi anzace, anafunsa funso limene mwana wa sukulu angathe kufunsa: kodi ndarama zimene ziri kale m'mzinda muno zimuka kuti? Pakuti m'mzinda uli wonse, ngakhale wosauka, muli mabungwe amene sangathe kumanga katundu ndi kusamuka. Khonsolo siisamuka, koleji siisamuka, apolisi sasamuka. Ndipo onsewa agula zinthu tsiku ndi tsiku, cakudya, mapepala, mipando, zobvala, ndi kulipira omanga ndi okonza nyumba. M'caka ca 2013 khonsolo inaitana bungwe la ku Manchester la Centre for Local Economic Strategies kuti liwerenge mabuku a mabungwe asanu ndi limodzi otere: khonsolo ya mzinda, khonsolo ya cigawo conse ca Lancashire, makoleji awiri a Preston's College ndi Cardinal Newman College, apolisi a Lancashire, ndi bungwe losamala nyumba za anthu la Community Gateway. Anapeza kuti mabungwe awa anagula zinthu za mapaundi 750 miliyoni m'caka cimodzi, koposa mtengo wa Tithebarn yense. Koma mwa mapaundi 100 ali onse, mapaundi 5 okha ndiwo anatsala m'Preston, ndi mapaundi 39 okha m'Lancashire monse. Mapaundi oposa 450 miliyoni anali kuturuka m'cigawo caka ndi caka. Anthu anali kulira ludzu ali ciimire mumtsinje.

Cimene anacita pambuyo pace sicinali cozizwitsa, ndipo ndico cifukwa anthu okonda zazikuru acinyoza. Inali nchito ya makalaliki, yofuna mabuku ndi kupirira. Taonani citsanzo ca cakudya ca ana a sukulu. Kale pangano la kupereka cakudya cimeneci linali limodzi lalikuru, lakuti palibe wamalonda wa kumaloko akanatha kulisenza, ndipo linali kugwera makampani akuru okha. M'caka ca 2015 khonsolo ya Lancashire inaligawa m'zigawo zazing'ono: wina apereke mazira, wina mkaka, wina chizi, wina yogati. Amalonda a m'cigawomo, ogula kwa alimi a komweko, anapikisana napambana. Momwemonso pokonza msika wa mzinda, umene unatsegulidwa m'caka ca 2018, nchito inagwiridwa ndi kampani ya Conlon, ya banja la kufupi ndi mzindawo. M'caka ca 2012 khonsolo ya Preston inakhala yoyamba kumpoto kwa England kulonjeza poyera kuti idzalipira anchito ace onse malipiro okwanira kukhalira moyo, oposa aja ocepetsetsa olamulidwa ndi Boma, ndipo inakopa mabungwe anzace kuti atero. Pakuti wosesa mu ofesi akalandira ndarama yoonjezera saitumiza ku banki ya kutsidya la nyanja, aigula buledi ndi nsapato za mwana pa sitolo ya pafupi. Ngakhale ndarama za penshoni za anchito a m'cigawo, zina zinaikidwa pomanga nyumba zogona ophunzira m'Preston momwemo.

Powerenganso mabuku a caka ca 2016 ndi 2017 anapeza kuti ndarama zonse zogulira zinthu zinacepa, kufika mapaundi 616 miliyoni, cifukwa ca kudula kwa Boma kuja. Komabe zotsala m'Preston zinakwera kucokera pa mapaundi 38 miliyoni kufika 112 miliyoni, ndiko kuti 18 mwa 100, ndipo zotsala m'Lancashire zinafika 79 mwa 100. Nkhokwe inacepa, koma ana a m'nyumba anadya koposa kale, cifukwa wina anatseka bowo la makoswe. Ulova m'mzindamo unatsika kucokera pa anthu 6.5 mwa 100 m'caka ca 2014 kufika 3.1 m'caka ca 2017.

Tidziwa bwino zimene otitsutsa adzanena, ndipo tiwayankhiratu.

Adzati, kugula kwanu kokha ndiko kulanda mzinda wa mnzako, ndipo mizinda yonse ikatero palibe adzapindula. Mau awa akoma m'khutu, koma mabuku awakana. Ndarama zotsala m'Lancashire zinaonjezeka ndi mapaundi 200 miliyoni, ndipo mwa izi Preston anatengapo 74 miliyoni okha. Zotsalazo, zoposa 120 miliyoni, zinagwera mizinda ndi midzi yoyandikana nayo. Kodi uku ndi kulanda mnansi? Ndiponso m'zaka zimenezo Britain anali womangidwa ndi malamulo a European Union, amene sanalole kukana kampani cifukwa cakuti icokera kutali. Preston sanatsekere munthu kunja. Anatsitsa mpanda umene unali kutsekera eni mudzi, pogawa mapangano, pophunzitsa amalonda ang'ono kulemba mapepala a tenda, ndi poyesa, monga lamulo la ku England la caka ca 2012 linawalola, ngati wopempha nchitoyo adzaphunzitsa anyamata ndi atsikana luso ndi kulipira anchito ace bwino. Tizizwa kuti anthu amene sanaone colakwa pamene pangano linalembedwa mwakuti wamkuru yekha ndiye alikwanitse, ayamba kulira cilungamo tsiku limene wamng'ono walowa pa mpikisano.

Adzatinso, ndipo apa anena cinthu colemera, kuti kugula kwa anthu akwanu ndiko khomo la ziphuphu: khansala adzapatsa nchito mlamu wace, namucha wamalonda wa kumaloko. Bvuto ili tilidziwa, ndipo sitiliyesa laling'ono ai. Koma taganizani kumene njira ya Preston inayambira. Inayamba ndi kutsegula mabuku ndi kuwerenga poyera kuti paundi iri yonse yapita kwa yani. Wakuba aopa cinthu cimeneci koposa ndende. Ndipo pangano la mazira limene mlimi ali yense adziwa mtengo wace libvuta kubamo koposa pangano limodzi la mamiliyoni losainidwa m'cipinda cotseka, pakati pa anthu atatu ndi kampani imene palibe adziwa nkhope ya mwini wace.

Adzati kacitatu, ulova unatsika pa zifukwa zina. Pamenepa tibvomera mbali. Ulova unatsika m'Britain monse m'zaka zimenezo. Pafupi ndi Preston pali mafakitale a ndege a BAE Systems ku Warton ndi ku Samlesbury. Ndipo m'caka ca 2013 panali pangano ndi Boma la kumanga miseu yatsopano. Makoparetivu a anchito eni, amene khonsolo inafuna kubzala potengera citsanzo ca Mondragon ku Spain ndi ca Cleveland ku America, anamera mocedwa ndipo anali owerengeka. Umphawi sunathe m'Preston. Koma akatswiri amene analemba m'magazini ya zaumoyo ya Lancet Public Health m'caka ca 2023 anayerekeza Preston ndi malo ena ofanana naye, amene anaomberedwa ndi mphepo yomweyo, napeza kuti malipiro anakwera koposa ku Preston, ndi kuti odwala nthenda ya kupsinjika mtima anacepa. Ndipo tifunsa otitsutsawo: Tithebarn uja, amene anali wa njira yanu, analemba anthu angati? Depoti ya mabasi imene inati igwetsedwe inatetezedwa ndi lamulo m'caka ca 2013, niikonzedwa. Pa malo a msika wakale, m'caka ca 2025, panatsegulidwa nyumba ya kanema ndi malo odyera, dzina lace Animate, ndipo mwini wace ndi khonsolo, kotero kuti lendi yace ibwerera kwa anthu a mzinda. Khonsolo ya North Ayrshire ku Scotland inatsata njira yomweyi m'caka ca 2020, ndipo sitikhulupira kuti anthu a ku Scotland atengera cinthu cotaya ndarama.

Sitinena kuti mlendo wacuma akafika apitikitsidwe. Alandiridwe, apatsidwe mpando. Tinena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo, ndipo khonsolo imene siidziwa kumene ndarama za m'dera lace zimuka iribe mphamvu yonenera kuti yasowa cocita.

Wina adzati, England ndi England, ife tiri osauka. Inde, ndarama zathu ziri zocepa. Cifukwa cace kutaya kwace kutipweteka koposa. Lamulo la maboma ang'ono la caka ca 1998 linapatsa makhonsolo a m'Malawi udindo wotukula madera ao, ngakhale kuyambira 2005 kufikira 2014 makhonsolowo anakhala opanda makhansala osankhidwa, ndipo cizolowezi ca kufunsa mafunso cinazirala. M'caka ca 2016 Boma linalengeza mfundo yakuti tigule za m'Malawi, koma mau okha sawerenga ndarama. M'boma liri lonse muli cipatala, muli sukulu zogonera komweko, muli apolisi, ndi ofesi ya khonsolo. Onsewa adya nyemba ndi ufa, akhala pa madesiki, abvala yunifolomu, ndipo kunja kwa mipanda yao kuli alimi, akalipentala ndi atelala amene angathe kupereka zina mwa izi. Ndani anawerengapo kuti mwa makwaca 100 ali onse, angati atsala m'bomamo?

Cifukwa cace komiti idzaika patsogolo pa msonkhano ulinkudza mfundo yakuti tilembe kalata kwa khonsolo yathu, yopempha zinthu izi: kuti ndandanda ya onse amene anagulitsa katundu kapena kugwira nchito ya khonsolo caka catha ipacikidwe poyera, pamodzi ndi mitengo yace ndi kumene eni ace akhala, kuti mapangano akuru a madesiki ndi a cakudya agawidwe kumene lamulo lilola, ndi kuti amisiri ang'ono alipidwe msanga, pakuti kalipentala wodikira malipiro miyezi isanu ndi umodzi sadzapemphanso nchito ya khonsolo kaciwiri. Mamembala amene ali amisiri kapena amalonda abwere ndi mapepala a mitengo yao. Amene atsutsana nafe abwerenso, ndipo adzapatsidwa nthawi yolankhula yofanana ndi yathu.

Ife anu,
A Komiti.