Digiri njabwino, koma munda usapite nayo

Nthawi iliyonse bungwe la NCHE likatulutsa maina a ophunzira amene asankhidwa kupita kusukulu zaukachenjede za boma, m'midzi ya ku Ntchisi ndi Dowa mumamveka nthungululu. Koma nthungululuzo sizichedwa kuzilala. Pakangotha sabata, bambo ndi mayi amakhala pakhonde n'kuyamba kuwerengera zala: fizi ichokera kuti? Nanga ya lendi, ya chakudya, ya basi? Apa mpomwe ena amayamba kuloza dimba, ena ng'ombe zapangolo, ena munda weniweniwo umene adasiya makolo.

Kodi digiri njoyeneradi kuti banja lidzivule chonchi? Ine ndikuti digiri njabwino ndipo mwana amene wakhoza apite. Koma si digiri iliyonse yoyenera kuikhetsera thukuta, ndipo pali zinthu zina zimene banja siliyenera kugulitsa ngakhale mwana atasankhidwira kuti.

Tiyambe ndi mtengo wake. M'masiku a Kamuzu Banda, mwana akasankhidwa kupita ku Chancellor College, Bunda kapena Polytechnic, boma linkamudyetsa, kumugoneka ndi kumupatsa kangachepe kam'thumba. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 fizi idafika pa K25 000 pachaka ndipo anthu adalira. Mu 2016 idakweranso, ophunzira adachita zionetsero. Mu 2023 University of Malawi ya ku Zomba idakweza fizi kuchoka pa K350 000 kufika pa K650 000 pachaka. Pamtengo wa chaka chimenecho, zaka zinayi ndi K2.6 miliyoni, fizi yokhayokha.

Chopweteka kwambiri nchakuti fizi ndi gawo limodzi chabe. Boma lidasiya kudyetsa ophunzira, ndipo malo ogona pasukulu ngochepa, kotero ambiri amachita lendi m'makomboni ngati kwa Chikanda ku Zomba. Pamafunikanso laputopu, foni, mabandulo a intaneti ndi ndalama yosindikizira zolemba. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zonsezi zidakwera mtengo. Mlimi wa ku Malomo kapena kwa Nthondo amagwira ndalama kamodzi pachaka, akagulitsa fodya, soya kapena mtedza, pomwe mwana kusukulu amadya tsiku ndi tsiku, ngakhale mu February nkhokwe ili pululu.

Amene amati digiri nkutaya ndalama ali ndi mfundo, tisawanyoze. Iwo amaloza anyamata ndi asungwana amene adavala gauni koma lero akuyenda ndi maenvulopu mu Lilongwe, nsapato kutha. Boma lenilenilo lidavomereza vutoli pamene mu 2018 lidayambitsa ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro m'maofesi mwake kukazolowera ntchito kwa kanthawi. Kuyambira kumapeto kwa 2023 taona achinyamata, ena mwa iwo ophunzira bwino, akukwera ndege kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Anamwino ndi aphunzitsi nawo akhala akudikira nthawi yaitali asanalembedwe ntchito. Pomwe mnzawo amene adalekera Fomu 4 akugula soya pa Kamsonga, ali ndi njinga yamoto ndipo nyumba wafolera ndi malata.

Zonsezi nzoona. Koma tikamayerekeza anthu awiriwa tisamangoona chaka choyamba. Moyo wa ntchito ngwa zaka 30 kapena kuposa. Wogula soya uja amadalira mvula, mtengo wapamsika ndi mpamba umene ungathe ndi matenda amodzi pakhomo. Maphunziro safumbwa ngati chimanga, ndipo kwacha ikagwa sagwa nayo. M'boma, wa digiri amayambira pagiredi yapamwamba kuposa wa satifiketi ya MSCE. Ndipo pali makomo ena amene satseguka popanda pepala: dokotala wa pachipatala cha boma ku Ntchisi, loya, injiniya woyeza mlatho, onsewa adadzera kusukulu yaukachenjede. Malawi ali m'gulu la maiko amene ali ndi anthu ochepetsetsa ofika maphunziro apamwamba. Tikamati madigiri achuluka, chimene chachepa kwenikweni ndi ntchito, ndipo limenelo ndi vuto la chuma cha dziko.

Taganizani za William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma loyandikana nafe la Kasungu. Adasiya sukulu kaamba kosowa fizi panthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa. Luso adali nalo kale, dzina lidamveka dziko lonse lapansi. Komabe mwayi utapezeka adabwerera m'kalasi mpaka kutenga digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014. Iye adadziwa kuti luso likakumana ndi sukulu limafika patali.

Tsono banja lichite bwanji? Choyamba, munda usagulitsidwe. Gulitsani zokolola, mbuzi, nkhumba, ngakhale kubwereketsa ndime ina kwa chaka chimodzi, koma nthaka ikhale. Munda ngwa mbumba yonse, kuphatikizapo ana amene sadasankhidwe ndi amene sadabadwe. Mwana uja akachedwa kupeza ntchito adzabwerera pamudzi pomwepo, ndiye adzadya chiyani munda utapita? Kwathu kuno nkhani yotere simangidwa ndi anthu awiri. Mwinimbumba aitanitse abale, am'tauni ndi akumudzi, aliyense anene poyera chimene azisonkha pachaka. Paja mutu umodzi susenza denga.

Chachiwiri, fufuzani sukuluyo musanalipire ngakhale tambala. Zaboma zilipo zisanu ndi imodzi: University of Malawi, MUBAS ndi KUHeS zimene zidaima pazokha mu 2021, kudzanso Mzuzu University, LUANAR ndi MUST ya ku Thyolo. Za mipingo ndi za anthu wamba nzambiri, zina zabwino, zina zongofuna ndalama. Bungwe la NCHE limatulutsa mndandanda wa sukulu zovomerezeka ndi maphunziro ovomerezeka pasukulu iliyonse. Kholo lifunse zonse ziwiri, chifukwa sukulu itha kukhala yovomerezeka pomwe kosi imene mwana akufunayo siidavomerezedwe. Kugulitsa ng'ombe kuti mwana atenge pepala limene olemba ntchito akalikana ndiko kutaya ndalama kwenikweni.

Chachitatu, mwana afunsidwe: ukamaliza udzachita chiyani? Ngati yankho lake ndi lakuti adzafuna ntchito ya muofesi basi, mufunseninso. Mwana wa ku Ntchisi amene waphunzira zaulimi ku Bunda ali ndi poyambira ngakhale asadalembedwe ntchito: nthaka ilipo, makopaletivu a alimi akusowa odziwa kulemba mabuku a ndalama, kuwerenga kontirakiti ya kampani ya fodya ndi kusaka misika ya mtedza ndi makademiya.

Chachinayi, pali bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira ovutika la HESLGB, limene lidakhazikitsidwa mu 2015. Mwana alembe kalata yofunsira nthawi yake isadathe, ndipo anene zoona za pakhomo pawo. Koma adziwe kuti iyi ndi ngongole, idzabwezedwa. Apa mpofunika kuwauza mosapsatira akuluakulu amene adaphunzira ndi ngongole ya boma kuyambira m'ma 1980 koma mpaka lero sadabweze: ndalama mukukhalirayo ndi fizi ya mwana wa mlimi wa kwa Kasakula. Nalo bungwelo lizipereka ndalamazo msanga, chifukwa njala siidikira siginecha.

Chachisanu, tisiye kuona sukulu zaluso ngati kothawira olephera. Pansi pa bungwe la TEVETA, lomwe lidayamba mu 1999, pali makoleji monga Namitete, Salima ndi Lilongwe Technical, komanso makoleji a m'madera amene boma lidayamba kutsegula mu 2015. Mmisiri wa magetsi a dzuwa, wowotcherera zitsulo kapena womanga nyumba sasowa chochita pa Mponela kapena pa Madisi. Ndipo khomo la digiri silitsekeka: munthu atha kuyamba ndi satifiketi kapena dipuloma, kugwira ntchito, kenaka n'kudzilipirira yekha maphunziro a pakhomo amene Mzuzu University ndi LUANAR amapereka. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha.

Mfundo yomaliza ikhudza ana aakazi. Ndalama zikachepa, m'mabanja ambiri amene amauzidwa kuti adikire ndi msungwana, ati poti adzakwatiwa. Kuno kwa Achewa, kumene mbumba imaima pa mwana wamkazi, maganizo amenewa ngodabwitsa. Amene wakhoza bwino ndiye apite, kaya ndi mnyamata kaya msungwana.

Makolo anzanga, maina akatuluka imbani nthungululu, mwana wagwira ntchito. Kenaka khalani pansi ndi pensulo, muwerengere zaka zonse zinayi musanalonjeze kanthu. Mwana apite kusukulu yovomerezeka, akaphunzire chinthu chimene akudziwa ntchito yake, ndipo akadzabwera patchuthi adzapeze munda ukadali m'manja mwa mbumba.