Mafilimu a mfiti ndi zilombo: aone ndani, ali ndi yani?

Amayi anzanga, masiku ano filimu siidikira kuti m'nyumba mukhale kanema. Imalowa pa foni ya bambo, pa memory card yomwe mnyamata wabenetsa kumsika, ndiponso m'tinyumba ta vidiyo momwe mwana amalowa ndi ndalama ya mandasi. Ambiri mwa mafilimu omwe ana amawakonda ndi aja a maiko ongopeka: anthu ouluka pa tsache, njoka zolavula moto, mikango yoyankhula, mphete zamatsenga. Makolo ena amangoti zonsezi n'za Satana, azimitse. Ena amati n'zachibwana, bola mwana wakhala chete ife tiphike. Ine ndikuti mbali zonse ziwirizi zimamusiya mwana yekha. Mafilimu ambiri otere ndi oyenera banja, koma pokhapokha titayang'ana msinkhu wa mwana, ndiponso wamkulu atakhala naye pamphasa pomwepo.

Tiyambe ndi nkhani ya matsenga, poti ndi yomwe imatiwawa mtima kwambiri. Katekisimu wa Mpingo, pa ndime 2117, amaletsa kuchita zamatsenga ndi zaufiti. Chomwe chikuletsedwa apa ndi mchitidwe weniweni. Nthano yomwe muli mfiti ndi chinthu china. Tonsefe tinakula ndi nthano za agogo, momwe Kalulu amayankhula, Fisi amavala ngati munthu kukafunsira mbeta, ndipo chilombo chimameza mudzi wonse. Palibe anasanduka mfiti chifukwa choyankha kuti "tili tonse". Tinaphunziramo kuti dyera limapha ndipo wamng'ono wanzeru amagonjetsa wamkulu wankhanza.

Mafilimu ena otchuka ndi nthano za mtundu womwewu. The Lord of the Rings, omwe anatuluka m'zigawo zitatu kuyambira 2001 mpaka 2003, anachokera m'mabuku a J.R.R. Tolkien, Mngelezi yemwe anali Mkatolika wolimbikira. Nkhani yake ndi ya kamunthu kakang'ono, Frodo, konyamula mphete ya mphamvu zoipa kukaiwononga, ndipo aliyense wofuna kuigwiritsa ntchito mpheteyo imamuwononga mtima. Filimu ya The Lion, the Witch and the Wardrobe ya 2005 inachokera m'buku la C.S. Lewis, Mkhristu wa mpingo wa Anglican. Mmenemo mkango Aslan ukudzipereka kufa m'malo mwa mnyamata Edmund yemwe anapereka abale ake, kenako ukuuka. Mwana wa sitandade 5 amene wayendapo Njira ya Mtanda sachedwa kuzindikira chomwe nkhaniyi ikulozera. Kuponya mafilimu otere kudzala chifukwa choti muli mfiti n'kutaya mbewu pamodzi ndi mankhusu.

Tsono choopsa chili pa msinkhu. Mwana wosakwana zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi ziwiri amavutika kusiyanitsa chopeka ndi chenicheni. Amaopa chinthu chifukwa cha maonekedwe ake: nkhope yokwinyika, mano aatali, munthu wosanduka nyama. Ngakhale mumuuze kuti "si zoona", maso ake aona kale, ndipo iye amakhulupirira maso. Mwana wokulirapo, wa zaka khumi kapena kuposa, saopanso kwenikweni zilombo. Chimamugwira mtima ndi zinthu zomwe zingachitikedi, monga imfa ya kholo, kubedwa, kapena kuvulazidwa. N'chifukwa chake filimu imodzi yomweyo imatha kuseketsa mwana wa fomu 1, m'ng'ono wake osagona usiku wonse. Ngakhale katuni ya The Lion King ya 1994, yomwe anaiika m'gulu loyenera aliyense, ili ndi malo pomwe kamkango Simba kakugwedeza mtembo wa bambo ake kuti adzuke. Mwana yemwe waika kholo chaka chomwecho sayenera kuona malo amenewo ali yekha.

Opanga mafilimu eni ake amavomereza zimenezi. Ku America filimu imapatsidwa chizindikiro: G ndi ya aliyense, PG ifuna kholo liunike, PG-13 ikuchenjeza kuti zina sizoyenera mwana wosakwana zaka 13, ndipo R ndi ya akuluakulu. Chizindikiro cha PG-13 chinayamba mu 1984, makolo atadandaula kuti mafilimu ena a PG, monga Indiana Jones and the Temple of Doom, anali oopsa kwa ana. Zigawo zonse zitatu za The Lord of the Rings ndi PG-13, chifukwa cha nkhondo ndi zilombo zake. Mafilimu a Harry Potter alipo asanu ndi atatu, kuyambira 2001 mpaka 2011, ndipo amakula pamodzi ndi mwini nkhani. M'yoyamba Harry ali ndi zaka 11 ndipo chizindikiro ndi PG. Pofika yachinayi, ya 2005, mnzake wa pasukulu akuphedwa kumanda iye akuona, magazi ake akutengedwa pa mwambo woukitsa mdani wake, ndipo chizindikiro chakwera kufika PG-13. Mayi amene anaona yoyamba n'kuloleza zonse, waloleza zomwe sanazione. Vuto lathu kuno ndi loti filimu ikabenedwa pa foni, kapena ikamasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a vidiyo, chizindikiro chija sichionekanso. Safunsa anadya phula: funsani dzina la filimuyo, ndipo wachinyamata wa foni ya intaneti akupezerani chizindikiro chake mosataya nthawi.

Pali china chomwe opanga mafilimu akunjawo sanachiganizire. Kwa mwana wa ku London, munthu wouluka pa tsache ndi nthano chabe. Mwana wa kwathu kuno amamva akuluakulu akukamba za ndege ya lichero ngati nkhani ya dzulo. Akaona filimu madzulo, usiku n'kulota akuuluka, m'mawa n'kufotokoza lotolo, alipo achikulire omwe angayambe kumufunsa kuti "anakutenga ndani?" Mwana wamantha amayankha chomwe akuona kuti wofunsayo akufuna kumva, ndipo dzina lomwe limatuluka kawirikawiri ndi la gogo wosauka wa pafupi. Tikudziwa momwe nkhani zotere zimathera: nkhalamba kumenyedwa, nyumba kutenthedwa, mwana kusalidwa ndi anzake. Lamulo la Malawi lokhudza ufiti, la 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Choncho mwana akadzuka ndi loto lachilendo, funso loyamba likhale lakuti "dzulo unaona chiyani pa kanema?" Funso limeneli likhoza kupulumutsa moyo wa munthu.

Thupi la mwana nalonso limanena. Ngati ayamba kukana kugona yekha, kubwebweta kutulo, kudzidzimuka akulira, kuopa kupita kuchimbudzi kukada, kapena kukodzanso pogona pomwe anali atasiya, ganizirani zomwe wakhala akuona. Musamukalipire kapena kumuseka pamaso pa anzake. Mufunseni modekha, mulole afotokoze, ndipo musiyitseni kaye mafilimuwo. Zikapitirira masabata angapo, kapena ngati pali kutentha thupi ndi kupweteka pokodza, pitani naye kuchipatala, chifukwa si kukodza pogona konse komwe kumachokera ku mantha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, mu 2019 linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaonetsedwe kanema, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku. Chigawo choyamba chokha cha The Lord of the Rings chimatenga pafupifupi maola atatu. Mwana wa sukulu amafunika tulo ta maola 9 mpaka 12, ndiye filimu yotere ndi ya Loweruka masana.

Mwina wina anena kuti, "Ine nthawi yokhala pa kanema ndiipeza kuti, ndi geni, ndi kumunda, ndi mphika?" N'zoona, ndipo palibe akuti muone chilichonse. Koma kumbukirani chomwe chinkapangitsa nthano za agogo kukhala zabwino. Agogo ankaona nkhope ya mdzukulu pa kuwala kwa moto. Akaona kuti mantha achuluka, ankafewetsa mawu, kuyambitsa nyimbo, kapena kufupikitsa nkhani. Kanema saona nkhope ya mwana. Ntchito imeneyo yatsalira ife. Sankhani filimu imodzi pa sabata, muione limodzi mukusenda mtedza kapena kutola nyemba. Pakafika poopsa, imitsani. Ikatha, funsani: ndani anachita bwino? Edmund anapereka abale ake chifukwa cha chiyani? Iwe ukanatani? Uzaninso ana kuti zilombozo ndi anthu ovala zigoba ndi zithunzi zopangidwa pa kompyuta.

Ndipo poti mwana wa mnzako ngwako yemwe, nkhaniyi itengereni ku msonkhano wa amayi ndi ku mphakati. Gawanani maina a mafilimu omwe mwawaona n'kuwapeza abwino, ndi msinkhu woyenera. Awiri kapena atatu a inu mukacheze ndi mwini vidiyo wa pamsika, mumupemphe mwaulemu kuti masana azionetsa zoyenera ana, ndipo asamalowetse tiana pa mafilimu a usiku. Iyenso ndi kholo kapena malume wa wina wake, ndipo makasitomala ake ndi ana athu.